Ufa Wotsala Pang'ono: Lero Tikumbukire Agobu

 

Mau athu lero ali pa 1 Mafumu 17, kuyambira ndime 8. Kunali cilala. Mulungu anatuma Eliya kwa mkazi wamasiye wa ku Zarefati, ndipo mneneriyo anamupeza akutola nkhuni. Mayiyo anali ndi kaufa kodzaza dzanja limodzi ndi timafuta pang'ono. Maganizo ake anali akuti aphike komaliza, adye ndi mwana wake, basi adikire imfa. Ndiye kwa munthu wotereyu ndi kumene mlendo anafikira, napempha kuti ayambe ndi iye kudya.

Nkhaniyi yandikumbutsa mtundu wina umene ambiri a ife sitinaumvepo, Agobu. Amakhala kumpoto kwenikweni kwa dziko la Congo, kutali kwambiri ndi Lubumbashi amene timamudziwa, m'cigawo ca Nord-Ubangi, m'dera la Bosobolo. Pafupi nawo pali mtsinje waukulu wa Ubangi, umene ndiwo malire a Congo ndi Central African Republic. Ndi anthu ocepa. Pa kalembera wa 1984 olankhula Cigobu anali pafupifupi 12,000, osafika ngakhale pa anthu a m'tauni ya Chipata. Cinenero cawo ndi ca m'banja la zinenero za Banda, cosiyana kotheratu ndi cathu. Moyo wa kuderalo ndi wa khasu ndi bwato: cinangwa, cimanga, nshawa, ndi nsomba za mumtsinje. Misewu ndi yoipa, ndipo nthawi ya mvula wodwala amavutika kufika kucipatala. Izi ife a kumudzi sitifunika kufotokozeredwa.

Mu 2013 nkhondo inakula kutsidya kwa mtsinje. Zigawenga za Séléka zinalanda mzinda wa Bangui m'mwezi wa Marichi, ndipo anthu anayamba kuoloka Ubangi pamabwato, ana kumsana, katundu pamutu. Dera la Bosobolo linalandira ambiri, kufikira kuti msasa wa othawa kwawo unamangidwa pa Bili. Koma si onse anapita kumsasa. Ambiri anakhala m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje, pakati pa eni dera, kutunga pacitsime cimodzi, kufuna nkhuni m'thengo limodzi. Kumapeto kwa 2020, pa nthawi ya zisankho, cipolowe cinayambanso ndipo ena anaolokanso.

Tsono taganizani, amayi. Nkhokwe yanu yafika pansi, ndi Januwale, ndipo pakhomo paima banja la anthu asanu ndi awiri. Muwauza ciani? Akuluakulu a ku Petauke, Katete ndi Chadiza funso ili analiyankhapo. Pa nkhondo ya ku Mozambique abale athu anafika usiku, ena opanda ngakhale bulangete, ndipo asanapite ku Ukwimi anayamba agona m'makhichini mwathu. Ena mwa inu munali ana, mumakumbukira nsima ikucepa m'mbale. Sikunali kopepuka. Panali kudandaula, panali mikangano ya minda. Tisaname kuti kulandira mlendo kumakoma masiku onse.

Cimene cimandigwira mtima pa mayi wa ku Zarefati ndi cakuti Mulungu sanamudzazire nkhokwe tsiku limodzi. Ufa unali wocepabe m'mbiya. M'mawa uliwonse anapita kukayang'ana, napeza wokwanira tsikulo. Mawa lake anayenera kukhulupiriranso. Ndipo mayiyu sanali Mwisraeli. Anali wa ku dziko la Sidoni, munthu amene ku Yerusalemu sakanamuwerengera. Yesu mwini anamuchula m'sunagoge wa ku Nazarete, pa Luka 4, ndipo anthu anakwiya kumva kuti Mulungu anakumbukira wakunja.

Kudera la Agobu uthenga wabwino unafika kale, ndipo machalichi alipo. Koma m'mapemphero cimamveka kwambiri ndi Cilingala, cinenero ca pamsika ndi paulendo. Ife takhala ndi Buku Lopatulika m'Cinyanja kuyambira 1922, mwina n'cifukwa cake taiwala kulemera kwake. Gogo amene amalota ndi kulira m'Cigobu, mau otonthoza amamufika podzera m'cinenero ca ena.

Tiyeni tiweramitse mitu.

Atate wathu wakumwamba, mumadziwa mudzi uliwonse wa m'mbali mwa Ubangi. Dalitsani minda ya Agobu ndi anansi awo, kuti cinangwa cikwanire eni nyumba ndi alendo omwe. Letsani nkhondo kutsidya kwa mtsinje, kuti othawa abwerere kukalima kwawo. Limbitsani abusa, akatekisti ndi amayi a m'machalichi a ku Bosobolo, amene amayenda mitunda italiitali pansi ndi panjinga. Utsani pakati pa Agobu ana awo amene adzalalikira ndi kuimba m'cinenero ca amayi awo. Ndipo mlendo akagogoda pakhomo pathu madzulo ano, tipatseni mtima woyamba takayang'ana m'mbiya. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.