Rauta Ikamadandaula, Muziimva: Nambala 0 Mpaka 7



Ambirife tikufuna ntchito za kompyuta, ndipo kuno ku Thyolo malo ake ndi m'maofesi ndi m'mafakitale a tiyi, monga ku Satemwa, Makandi, Conforzi kapena Naming'omba. Taganizani netiweki yaima nthawi ya mvula, tsamba lachuluka, makilo a anthu othyola akudikira kulowetsedwa m'kompyuta. Mukachedwa kupeza vuto, malipiro a amayi athu akhoza kuchedwanso. Ndiye tiyeni tikambe za syslog, mauthenga amene rauta kapena switch imalemba yokha.

Syslog anaiyambitsa Eric Allman m'zaka za m'ma 1980, ndipo malamulo ake a masiku ano ali mu RFC 5424 ya 2009. Uthenga uliwonse umakhala ndi nambala, ndipo nambala ikachepa ndiye kuti vuto lakula.

0, Emergency: chipangizo sichikugwiranso ntchito.
1, Alert: chitanipo kanthu pompano.
2, Critical: zavuta kwambiri, mwina chitsulo china mkatimo chawonongeka.
3, Error: china chake chalephereka.
4, Warning: zikuyendabe, koma chenjerani.
5, Notice: si vuto, koma n'zofunika kudziwa.
6, Informational: nkhani wamba za tsiku ndi tsiku.
7, Debug: tsatanetsatane wofufuzira vuto.

Pa zipangizo za Cisco nambalayi imakhala pakati. Mukaona %LINK-3-UPDOWN, ndiye kuti waya wa pa khomo linalake wasiya kulumikiza kapena wayambiranso. Werengani mzere wonse, musangothamanga ndi 3 yekhayo. Nayenso 5 musamuderere: %SYS-5-CONFIG_I akutanthauza kuti wina wasintha makonzedwe a chipangizocho. Netiweki ikagwa mphindi ziwiri pambuyo pa uthenga umenewu, mwadziwa kale koyambira kufunsa.

Gwiritsitsani zinthu zinayi izi. Choyamba, mukasankha nambala mumalandira iyoyo pamodzi ndi zonse zochepera apo. Mukalemba logging trap 4, seva ilandira 0 mpaka 4 basi, ndipo uthenga wa 5 uja simuupezako. Chachiwiri, Debug musamaisiye yoyatsa. Imalemba zambirimbiri mpaka rauta kulemedwa. Yatsani, fufuzani, zimitsani. Chachitatu, mauthenga osungidwa m'memore ya rauta amafufutika magetsi akathima, ndipo kuno tikudziwa mmene ziphaliwali zimachitira mu Januwale. Muziwatumiza ku kompyuta ina yoti izisunga. Chachinayi, konzani nthawi pogwiritsa ntchito NTP. Uthenga wa nthawi yolakwika sungakuuzeni chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi: lowezani nambala zisanu ndi zitatuzi. Amene ali ndi laputopu aikemo Packet Tracer, azimitse khomo limodzi la switch ndi lamulo la shutdown, n'kulemba nambala imene yatuluka. Loweruka likubwerali tidzafananiza mayankho, ndipo opanda laputopu tidzakhala awiriawiri.