Tisiye kuyendetsa flash: Wi-Fi ya mu ofesi yathu yaing'ono

 

Tiyambe ndi zomwe zinatigwera ife. Mu ofesi mwathu muli malaputopu anayi. Lipoti likafunika, tinkangoti "tabwereke flash", flash ija n'kuyenda makompyuta onse. Tsiku lina inabwera ndi vairasi kuchokera komwe tinakapulintitsa, mafayilo a miyezi itatu n'kusanduka ma shortcut okhaokha. Tinalira, amayi. Titayesa kutumizirana pa WhatsApp, bandulo inkatha mwezi usanafike pakati.

Chomwe chinatipulumutsa ndi rauta imodzi basi. Mvetsetsani apa: kuti malaputopu azipatsana mafayilo kudzera pa rauta, sipafunika bandulo. Fayiloyo imangodutsa pa rauta n'kufika kwa mnzanu, osatuluka m'chipindamo.

Choyamba, ikani rauta pamalo okwera, chapakati pa ofesi, osati kuseri kwa kabati yachitsulo. Kunsi kwake kuli kapepala kolembedwa dzina la Wi-Fi, pasiwedi ndi adiresi yake, nthawi zambiri 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Lembani manambalawo pa browser, mulowe, musinthe mapasiwedi awiri: ya Wi-Fi ndi ya admin. Ambirife timasintha yoyamba yokha, yachiwiri n'kuisiya momwe inabwerera kusitolo. Pa chitetezo sankhani WPA2 kapena WPA3. WEP ndi yakale, imathyoledwa mosavuta. Mukaona 2.4 GHz ndi 5 GHz, dziwani kuti yoyambayo imafika patali ndi kudutsa makoma, yachiwiriyo imathamanga koma ya pafupi.

Chachiwiri, pa Windows, Wi-Fi ya mu ofesi muiike pa Private, osati Public, kenako muyatse Network discovery ndi File and printer sharing. Sankhani laputopu imodzi yomwe sichoka mu ofesi. Pangani foda, dinani batani lakumanja, pitani pa Properties, kenako Sharing, muonjezere anthu. Ongowerenga muwapatse Read, oyenera kusintha zinthu Read/Write. Anzanu akatsegula File Explorer azilemba \\ motsatizana ndi dzina la laputopuyo, foda ija n'kuonekera. Password protected sharing musaizimitse, olo wina adandaule kuti ikuchedwetsa.

Chachitatu, nkhani ya chinsinsi. Mlendo akapempha Wi-Fi, mupatseni ya Guest, asalowe momwe muli mafayilo anu. Ndipo fayilo yokhala ndi mayina a anthu omwe anabwera kudzatiuza mavuto awo, kapena ya malipiro, isaikidwe mu foda ya aliyense. Munthu anatikhulupirira, dzina lake likatuluka, wavulala ndi iyeyo.

Zina ziwiri musaiwale. Laputopu yosunga foda ikagona kapena kuzimitsidwa, anzanu saiona, ndipo magetsi akathima rauta imazima nawo, choncho ka UPS kakang'ono kamathandiza. Komanso kugawana si kusunga. Wina akafufuta fayilo ali pa laputopu yake, yapita kwa tonse, ndipo mu Recycle Bin simukaipeza. N'chifukwa chake Lachisanu lililonse ife timakopera zonse pa hard disk yapadera n'kuitsekera mu kabati.

Izi sizofuna kuitanira munthu wa kutauni ayi, manja athu omwewa akwanitsa. Tsegulani malaputopu anu tiyese limodzi, amene wakodwa penapake akweze dzanja tifike pomwepo.