Makina Opimira Oganizira Munthu Wotopa

Kale wopima makhololo a wodwala chifuwa chachikulu ankasuzumira mu maikulosikopu nthaŵi yaitali, ndipo maso akatopa, tizilombo tina tinkamphonya. Wodwala ankabwerera kumudzi ndi nthenda yake, nakapatsiranso abale.

M'chaka cha 2010 bungwe la WHO linavomereza makina a GeneXpert, amene tsopano akupezeka m'zipatala zambiri muno m'Malaŵi. Amisiri ake anaganizira wopima wotopa uja. Iye amangosakaniza makhololo ndi mankhwala, nathira m'kabokosi kotsekeka, nakaloŵetsa m'makina. M'maola aŵiri okha yankho limaoneka pa kompyuta m'mawu olembedwa: kachilombo kapezeka kapena ayi, ndiponso ngati kakukana mankhwala a rifampicin. Komabe magetsi akathima kupima kuli mkati, popanda batire, ntchito yonse imayambidwanso.