Tiwatenge atsikanawa tipite nawo pa boda

Amayi apampando, amayi anzanga a ku Chipata, a ku Tete, a ku Harare ndi inu akwathu. Ine ndimagulitsa zitenje mumsika wa Lilongwe. Ndikufuna ndinenepo za ana athu aakazi amene analemba Fomu 4 ndipo akungokhala ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Kawale.

Mwana wa akulu anga, ndiye kuti mwana wanga, anaphunzira zosoka miyezi itatu ku bungwe lina. Anawaphunzitsa bwino, sindinganame: kudula nsalu, kukana mwamuna wokakamiza, kulankhula pagulu osanjenjemera. Tsiku lomaliza analandira satifiketi ndi makina osokera, ife n'kululutira. Chaka chisanathe makinawo anali m'nyumba mwa wakatapila.

Zinayenda chonchi. Anapeza oda ya mayunifomu a sukulu, makolo n'kupereka theka la ndalama. Kumudzi kunagwa maliro, iye n'kutapa pomwepo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, nsalu inakwera, koma mtengo wa yunifomu anali atapangana kale. Anathamangira katapila. Zotsatira zake mukuzidziwa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti asanapite kumeneko anayamba wabwera kwa ine, kupempha kuti alowe m'gulu lathu. Ndinamuuza lamulo lathu, loti mtsikana wosakwatiwa sitimulandira chifukwa akapeza banja amasamuka ndi ngongole. Ndinamubweza ndine, ndi pakamwa pangapa.

Amayi anzanga, amabungwe amaphunzitsa miyezi itatu n'kupita. Zotsalazo tili nazo ndife. Ndife timadziwa kuti mpamba sagulira ndiwo, sapepesera maliro, ngakhale achibale akutche wouma mtima. Ndife timadziwa kuti kwacha ikamagwedezeka supangana mtengo nsalu usanagule. Ndifenso timadziwa za pa boda. Mtsikana wosadziwa amauzidwa kuti msonkho ndi woopsa, n'kumudutsitsa njira zakutchire usiku, kumene amalandidwa katundu, ena n'kuchitidwa zosaneneka. Chonsecho pa Mwami pali dongosolo la COMESA la amalonda ang'onoang'ono, lotchedwa STR: katundu wosapitirira madola 2,000, ngati ali pamndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana, salipira dyute, ngakhale misonkho ina imakhalapo. A ku Tete pepani, dziko lanu silili mu COMESA, kwanu n'zina. Ine zimenezi sindinaziphunzire m'kalasi. Anandisonyeza ndi mayi wina wa ku Chipata tili pamzere, n'kundithandiza kulemba fomu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Gulu lililonse litenge atsikana awiri amene amaliza maphunziro oterewa, okwatiwa kapena ayi. Sheya yawo ikhale theka la yathu. Aliyense akhale ndi mayi womuimira, amene aziona kope lake la malonda mlungu uliwonse. Ndipo tisanamubwereke ngakhale tambala, mayiyo ayambe wapita naye ulendo umodzi wokapikula, aone yekha mmene timawerengera thiransipoti, msonkho ndi malo ogona tisanatchule phindu. Ena adzatithawa, inde. Kodi mwa ife okwatiwa palibe anathawapo ndi ngongole?

Mwana wanga uja tsopano akusoka pakhonde la golosale ina, pa makina obwereka amene amalipira tsiku ndi tsiku. Dzina lake ndalipereka kale kwa alembi, ndipo womuimira ndine. Ndikupempha kuti lamulo lija tilikambirane pamsonkhano ukubwerawu.