Mlembi Wamkazi Amafuna Mnzake Womuwerengera

Mawu amene mmodzi mwa otsogolera gulu lathu anayankhula pa mkumano wa amayi ndi atsikana ku Kameza Loweruka lapitali.

 Amene mwachokera ku Machinjiri, ku Chirimba, ku Ndirande, ena mpaka ku Bangwe minibasi ziwiri, zikomo kwambiri. Ndikudziwa kuti Loweruka ndi tsiku lochapa komanso la msika, ndiye sinditalikitsa.

Ndiyambe ndi funso. Tatchulani mabuku a Chichewa amene tinakula tikuwamva. Nthondo, analemba Samuel Ntara. Kukula ndi Mwambo, John Gwengwe. Njala Bwana, Willie Zingani. Mabuku abwino ndithu, palibe akutsutsa. Koma mwaona kuti onsewa ndi abambo? Nanga amene ankatifotokozera nthano madzulo, ife n'kumavomera kuti tili tonse, anali ndani? Ambiri a ife anali agogo aakazi, kapena amayi atamaliza kutsuka mbale. Luso lokamba nkhani tili nalo kuyambira kale. Vuto limabwera pamene nkhaniyo ikufuna kuchoka pakamwa kupita papepala, n'kuchoka papepala kukafika kwa anthu. Pamenepo m'pamene akazi ambiri amatsalira.

Dziko lino linalandira ufulu mu 1964, koma panadutsa zaka 21 kuti novelo yolembedwa ndi mayi wa ku Malawi isindikizidwe. Mayi ake ndi Walije Gondwe a ku Mzimba, buku lake Love's Dilemma, chaka cha 1985, m'gulu la timabuku ta Pacesetters tija amayi athu ankabwerekana mpaka chikuto kuthothoka. Mu 1990 Emily Mkamanga anatulutsa The Night Stop, ndipo mu 2000 analemba Suffering in Silence, lofotokoza zimene amayi anadutsamo zaka 30 akuvinira Kamuzu. Masiku ano tili ndi Upile Chisala wa ku Zomba, amene ndakatulo zake zikuwerengedwa kunja konse. Buku lake loyamba, soft magic, anasindikiza yekha mu 2015. Alembi aakazi alipo. Funso langa lero ndi lakuti, amene anakwanitsawa anadutsa bwanji, pamene ena ambiri makope awo anathera m'sutikesi pansi pa bedi?

Mukatsatira mbiri ya amayi olemba mu Africa muno, mupeza chinthu chimodzi chikubwerezabwereza: pafupi ndi mayi amene analemba panali amayi ena amene anagwira mbali ina ya mtolo.

Tiyambe ndi kwathu konkuno. Tonse timawadziwa mayi Rose Chibambo, nkhope yawo ili pa K200. Anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda, anathawa m'dziko muno pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964, ndipo anakhala kunja zaka pafupifupi 30. Koma ndi angati tikanamva nkhaniyi m'mawu a eni ake? Panafunika mayi wina, Timwa Lipenga, mphunzitsi wa pa yunivesite ku Zomba, kuti akhale nawo pansi, awafunse, amvetsere, alembe. Mayi Chibambo anamwalira mu 2016, buku lija, Lomathinda, linatuluka mu 2019. Pakanapanda mayi womvetsera uja, zambiri zikanapita nawo kumanda.

Buchi Emecheta wa ku Nigeria atalemba buku lake loyamba, mwamuna wake analitentha. Kutentha ndithu, pamoto. Iye anachoka pabanjapo ndi ana ake ku London, n'kulilembanso, ndipo The Bride Price linatuluka mu 1976. Patsogolo pake panali Flora Nwapa, amene anatulutsa Efuru mu 1966 ndipo kenako anatsegula kampani yakeyake yosindikiza mabuku, Tana Press. Mutu wa buku lotchuka la Emecheta, The Joys of Motherhood, unachokera m'mawu otsiriza a Efuru. Mkulu anatsegula njira, mng'ono anadutsamo, osachita manyazi kusonyeza kumene watenga moto.

Ku Zimbabwe, Tsitsi Dangarembga anakanidwa ndi osindikiza a m'dziko lake lomwe. Amene anasindikiza Nervous Conditions mu 1988 inali kampani ya amayi ku London, The Women's Press. Ku Uganda, Mary Karooro Okurut ndi anzake anatopa n'kudikira, anayambitsa bungwe la amayi olemba lotchedwa FEMRITE m'ma 1995. Ankakumana, kuwerengerana, kudzudzulana, n'kusindikiza okha. Mu 2007 mmodzi wa iwo, Monica Arac de Nyeko, anapambana mphotho ya Caine. Sizinagwe kumwamba izi. Unali ubwenzi umene anausandutsa ntchito.

Tsono wina anena kuti, asisi, ufa wakwera, makala akwera, lendi ikudikira, inu mukutiuza za manovelo, nkhani zopeka? Funso limenelo ndi labwino, ndipo ndiliyankha ndi mabuku awiri.

Loyamba ndi So Long a Letter la Mariama Bâ wa ku Senegal, la mu 1979. Buku lonse ndi kalata imodzi. Ramatoulaye, mphunzitsi, mayi wa ana 12, akulembera mnzake wa paubwana, Aissatou, ali pa masiku olira maliro a mwamuna wake. Mwamunayo anali atamusiya kale, n'kukwatira mnzake wa mwana wawo wamkazi. Pamaliro achibale akumwamuna akugawana zinthu, mchimwene wa malemu akubwera kuti alowe chokolo. Ndani muno sanaonepo zimenezi? Ndipo amene anamuimika Ramatoulaye pamene zinthu zinavuta sanali mwamuna wina ayi, anali Aissatou, amene anamugulira galimoto kuti asamavutike ndi ana m'mabasi.

Lachiwiri ndi la mnansi wathu wa ku Mozambique, Paulina Chiziane, mayi woyamba kutulutsa novelo m'dziko limenelo mu 1990, amenenso analandira mphotho ya Camões mu 2021. M'buku lake Niketche, Rami akutulukira kuti mwamuna wake wapolisi ali ndi akazi ena angapo. Poyamba akumenyana nawo, monga timachitira pa mjigo. Kenako akuona kuti onse akuvutika ndi munthu mmodzi, akuwasonkhanitsa, akuwathandiza kuyamba mabizinesi, mpaka aliyense akuima payekha.

Ife timachititsa misonkhano ya za nkhanza, za kulanda chuma cha masiye, za ukwati wa ana. Timanena kuti malamulo akuti chakuti, ndipo n'zofunika. Koma ukafunsa mayi pagulu kuti kunyumba kuli bwanji, ayankha kuti kuli bwino. Muwerengereni za Ramatoulaye, mumva yekha akuti, ameneyo ndi ine. Nkhani yopeka imapatsa munthu pobisala kuti anene zoona. Akhoza kukamba za Rami ola lathunthu, apongozi ake ali pomwepo, popanda womuloza chala kuti waulula za m'nyumba. Imeneyo ndi ntchito ya gulu lathu ndithu, si zosangalatsa chabe.

Ndipo pali nkhani zathu zimene Mariama Bâ sangatilembere. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ku Chilobwe mu Malichi 2023, manyuzipepala analemba ziwerengero za omwalira. Koma za mayi amene ankagona m'kalasi ndi anthu osawadziwa, mwana wamkazi ali kumwezi popanda chosinthira, alemba ndani? Za mtsikana wogwira ntchito m'nyumba ku Namiwawa amene amatumiza malipiro onse kumudzi? Za amayi amene amadzuka 3 koloko kukapikula tomato? Tikapanda kulemba ife, ena adzatilembera, ndipo adzatiika m'nkhanimo ngati mfiti, hule kapena mayi wongolira.

Ndikudziwa kuti muno muli olemba. Ena mumalemba m'makope otsala a ku sukulu. Ena mumalemba nkhani zamagawomagawo pa Facebook ndi dzina lobisa, anthu n'kumakuthamangitsani kuti gawo lotsatira lili kuti. Chimene chikusowa si luso. Chikusowa ndi munthu woyamba kuwerenga, amene sakuseka, sakunamiza, ndiponso sakaulutsa.

Choncho ndikupempha zinthu zinayi, ndipo zonse tingathe.

Choyamba, aliyense wolemba achoke pano ndi mnzake mmodzi womuwerengera. Inu owerenganu, nenani zoona. Ngati nkhani yafooka pakati, nenani kuti apa ndinayamba kusinza. Kungoti zili bho sikuthandiza munthu. Koma zimene mwawerenga zithere pomwepo. Kujambula tsamba la mnzanu n'kuponya pa gulu la WhatsApp n'chimodzimodzi kulitentha.

Chachiwiri, banki mkhonde tikuidziwa kale. Tiwonjezeremo kathumba ka mabuku. Tikakhala 20, aliyense K500 pamwezi, ndi K10,000. Tiyambe ndi mabuku akaunjika amene amayalidwa m'misewu ya mu Limbe ndi m'tauni, koma thumba likakula tigule buku latsopano la mlembi wamkazi wa ku Malawi, pamtengo wake. Tisamapemphe mlembi kuti atitumizire laulere pafoni. Nayenso amagula ufa.

Chachitatu, tiziwerenga mokweza. Pali amayi muno amene sukulu anasiyira sitandade 4, osati mwakufuna kwawo. Amene tinapita patsogolo tiwerenge, timasulire m'Chichewa, iwo atiuze ngati mlembiyo akunena zoona za moyo. Pa nkhani ya banja ndi maliro iwo ndiwo maprofesa athu.

Chachinayi ndi cha inu makolo. Mukapeza kope la mwana wanu wamkazi muli nkhani ya chikondi, musathamangire kunena kuti wayamba zibwenzi. Mufunseni kuti nkhaniyi ithera pati. Ndipo mugawireni ntchito mchimwene wake, kuti mtsikanayu apezeko ola limodzi lokhala pansi ndi cholembera. Palibe amalemba buku ali ndi ndowa pamutu.

Inu olemba, lembani m'chilankhulo chimene mumalota. Ngati ndi Chichewa, Chiyao, Chilhomwe, Chisena, Chitumbuka, lembani momwemo. Mukatenga nkhani ya munthu weniweni, sinthani dzina ndi malo, mumuteteze.

Mwezi wamawa, Loweruka loyamba, tikumana pompano 2 koloko. Tiyamba ndi So Long a Letter chifukwa ndi lalifupi, ndipo tili nalo limodzi loti tizipatsirana. Amene muli ndi kope lanu, bweretsani masamba awiri okha. Pepala lolembapo mayina lili pakhomo apo. Lembani dzina lanu, pambali pake dzina la mnzanu amene azikuwerengerani. Amene mulibe mnzanu musachoke, tikupezerani.