Nyumba ya Salomon: Boma ndi Ntchito ya Kafukufuku



Ndikufuna kuyankhula nanu pa nkhani ya sayansi ndi luso la zopangapanga, makamaka pa funso lakuti kodi boma lili ndi gawo lanji pa ntchito imeneyi. Dziko limene ndifuna kuti tiliyendere silipezeka pa mapu alionse. Dzina lake ndi Bensalem, ndipo ndi chilumba chimene chinabadwira m'mutu mwa Mngelezi wina, Francis Bacon. Wina angadabwe kuti anthu akuluakulu tatayiranji nthawi pa dziko la m'nthano. Yankho ndi lakuti mabungwe ambiri a kafukufuku amene maboma amawalipirira lero anayamba kuganiziridwa m'nthano imeneyi, ndipo mavuto amene amawagwera anaonekeramo kale.

Bacon anabadwa ku London mu 1561, ndipo anali katswiri wa malamulo. Mu 1618 anakwezedwa kukhala Lord Chancellor, ndiye kuti mkulu wa oweruza onse a ku England, koma mu 1621 anachotsedwa pa udindowo atavomera mlandu wolandira mphatso kwa anthu amene milandu yawo inali m'manja mwake. Zaka zotsala za moyo wake anazithera pa kulemba. Anamwalira mu 1626, ndipo kabuku kotchedwa New Atlantis kanasindikizidwa iye atapita kale, ndi m'busa wake William Rawley. Kabukuka ndi kosamaliza.

Nkhani yake ndi iyi. Amalinyero ananyamuka ku Peru kulunjika ku China ndi Japan, mphepo inawasokeretsa, chakudya chinawathera, ndipo ali pafupi kutaya mtima anaona chilumba chimene palibe wa ku Ulaya anachidziwa. Eni dziko anawalandira m'nyumba ya alendo nachiza odwala awo. Pamene alendowo anafuna kuthokoza ndi kangachepe, antchito a boma anakana, nati boma linawalipira kale ndipo sangalandire malipiro kawiri pa ntchito imodzi. Mukakumbukira chimene chinamgwetsa wolembayo, mudzaona kuti mawuwa anawalemba munthu wodziwa kuwawa kwa chilonda chake.

Chimene chinali mtima wa dziko la Bensalem ndi bungwe lotchedwa Nyumba ya Salomon. Analikhazikitsa ndi mfumu yawo yakale, Solamona, zaka 1,900 alendowo asanafike. Cholinga chake chinali kufufuza chimene chimachititsa zinthu m'chilengedwe, kuti munthu athe kupanga zonse zimene zingatheke kupangidwa. Mmodzi wa akuluakulu a Nyumbayo anafotokozera mlendo chuma chimene anali nacho: mapanga akuya pansi pa mapiri oyeseramo kuzizira ndi kusunga zinthu, nsanja zotalika theka la mailo zoonerapo mphepo ndi mvula, nyanja za madzi amchere ndi ozuna, minda yoyeseramo nthaka ndi kumezanitsa mitengo, makola a nyama ndi mbalame zoyeserapo mankhwala, ng'anjo za moto wosiyanasiyana, nyumba zophunziriramo kuwala, zina za mawu, ndi zina za makina. Anatchulanso magalasi oonera zinthu zakutali ndi zazing'ono kwambiri, njira yotumizira mawu patali kudzera m'mipope, zombo zoyenda pansi pa madzi, ngakhalenso kuuluka pang'ono m'mlengalenga.

Anthu ambiri akawerenga kabukuka amaima pomwepa, nayamba kutama Bacon kuti analosera ndege ndi lamya. Ine sindiona kuti nzeru yake yagona pamenepo. Kulota za kuuluka ngakhale mwana woweta mbuzi amalota. Chimene Bacon anaona, chimene anzake a nthawi imeneyo sanachione bwino, ndi kagawidwe ka ntchito.

Mvetserani mmene anawagawira anthu ake. Amuna 12 ntchito yawo inali kupita ku maiko akunja mobisa dzina la dziko lawo. Zaka 12 zilizonse zombo 2 zinkanyamuka, ndipo katundu amene ankabwera naye sanali golide kapena nsalu, koma mabuku, zipangizo ndi zitsanzo za zimene anthu a kwina atulukira. Otsalawo anali m'magulu 8 a anthu atatuatatu. Gulu lina linkasonkhanitsa zoyesayesa zolembedwa m'mabuku. Lina linkasonkhanitsa nzeru za amisiri, zija zimene sizilembedwa koma zimakhala m'manja mwa wosula, woumba ndi wowomba nsalu. Lina linkayesa zatsopano monga mwa kuganiza kwawo. Lina linkalemba zotsatira zonse mwadongosolo kuti zifanizidwe. Ndipo panali gulu limene ntchito yake yokha inali kufunsa kuti, pa zonse tapezazi, n'chiti chingathandize munthu pa moyo wake? Atatu ena ankakonza zoyesa zozama kuposa zoyambazo, atatu ena n'kuzichita, ndipo atatu omaliza ankatulutsamo malamulo a chilengedwe. Onse pamodzi anali 36, osawerengera ophunzira ntchito amene ankakonzedwa kuti adzalowe m'malo mwa akuluwo.

Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Bacon ananena zomwezo za nzeru, pa nthawi imene anthu ankakhulupirira kuti nzeru zonse zinatha kulembedwa ndi Aristotle ndi anzake akale, ndi kuti ntchito ya wophunzira ndi kuloweza basi. Iye anati nzeru imalimidwa ngati munda, imafuna anthu ambiri, zipangizo zodula ndi zaka zochuluka kuposa moyo wa munthu mmodzi. Ndani angalipire zimenezi? Wamalonda afuna phindu lake chaka chomwecho. Watsala ndi boma.

Maganizo amenewa sanathere m'buku. Mu 1660 akatswiri ena anakumana ku Gresham College mu London nayambitsa bungwe la Royal Society, limene Mfumu Charles II inalivomereza mu 1662. Iwo ankamtenga Bacon ngati kholo lawo, kotero kuti chithunzi chake chili koyambirira kwa mbiri ya bungwelo imene Thomas Sprat anasindikiza mu 1667. Koma mfumuyo inapereka dzina ndi ulemu, ndalama ayi. Mamembala ankasonkha okha shileni imodzi pa mlungu. Amene anayandikira kwenikweni ku Bensalem ndi a ku France, kumene nduna Colbert inakhazikitsa Académie des Sciences mu 1666, akatswiri ake n'kumalandira malipiro ochokera m'thumba la mfumu. Ndipo zombo zija zokatenga nzeru tinazionanso m'mbiri yeniyeni: mu 1871 boma la Japan linatumiza nthumwi zake, motsogozedwa ndi Iwakura Tomomi, kukazungulira America ndi Ulaya kufikira 1873, kuona mafakitale, masukulu ndi njanji, ndi kulemba zonse.

Tsono pali dziko lina la m'nthano limene sitiyenera kulilambalala, pakuti linalembedwa ngati yankho. Mu 1726 Jonathan Swift anatulutsa buku la Gulliver's Travels, ndipo m'menemo muli sukulu yaikulu ya kafukufuku mu mzinda wa Lagado. Mlendo atalowamo anapeza munthu amene anatha zaka 8 akuyesa kufinya kuwala kwa dzuwa kuchokera m'nkhaka kuti akusunge m'mabotolo. Wina ankaphunzitsa kumanga nyumba kuyambira ku denga kutsikira ku maziko. Wina ankafuna kulima ndi nkhumba, pokwirira zakudya m'munda kuti zizifukula. Aliyense ankalonjeza kuti zinthu zitheka posachedwa, ndipo ankapempha kandalama kwa mlendo. Kunja kwa mpanda minda inali yosabala, nyumba zikugwa, anthu ali m'sanza. Munda wokhawo wobiriwira unali wa nduna ina imene inakana njira zatsopanozo, ndipo anzake ankainyoza kuti ndi yotsalira.

Swift anapitirira muyeso, pakuti ena mwa amene ankawaseka ndiwo anatsegula njira ya zimene tikudyerera lero. Komabe Lagado si bodza lokhalokha. Mu 1947 boma la Britain linayamba ntchito yaikulu yolima mtedza ku Tanganyika, makamaka ku Kongwa. Anabwera ndi mathirakitala, ena opangidwa kuchokera ku akasinja a nkhondo, asanayese mokwanira nthaka ndi mvula ya kumeneko. Nthaka ikauma inkalimba ngati njerwa, mizu ya mitengo inkathyola makina, mvula inali yochepa. Mu 1951 ntchitoyo inathetsedwa, ndalama zoposa mapaundi 36 miliyoni zitalowa m'madzi. Akatswiri analipo, makina analipo, ndalama zinalipo. Amene anasowa ndi magulu awiri aja a Bacon: ofunsa eni malo zimene akudziwa, ndi oyesa pa kamunda kakang'ono asanagwetse nkhalango. Safunsa anadya phula.

Ndikupatseni chitsanzo cha mbali inayo, chochokera m'nkhokwe zathu zomwe. Chimanga cha haibulidi chotchedwa SR52 chinatulutsidwa ku Southern Rhodesia mu 1960, ndipo chinatchuka m'chigawo chonse chino cha Africa. Ntchito yobereketsa mbewu imene inabala SR52 inayamba mu 1932 pa malo a kafukufuku a boma ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Werengani nokha: zaka 28. Nduna imene inavomereza ndalama zoyamba sinadye nawo ulemu wa zokololazo, ndipo akadakhala anthu ofuna zipatso msanga akadaitseka ntchitoyo chaka chachisanu.

Kuno kwathu alimi ang'onoang'ono kwa nthawi yaitali sankachifuna chimanga cha haibulidi kuti chikhale chakudya cha pakhomo, ngakhale chinkabereka kwambiri. Alangizi ena ankati alimiwo ndi osamva. Koma amayi ankadziwa chifukwa chake. Chimanga chija chinali chofewa. Ukachikonola mu mtondo chinkanyenyeka, mphale yambiri n'kupita ndi gaga, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe ankachimaliza msanga kusiyana ndi chamakolo. Pamene akatswiri a ku Chitedze anaika mtima pa dandaulo limeneli, anabereketsa mitundu yolimba njere, MH17 ndi MH18, imene inatulutsidwa mu 1990, ndipo alimi anailandira. Mayi wa pa mtondo anali ndi theka la yankho, katswiri wa mbewu anali ndi theka linalo. Bacon akadauka akadati ndi chifukwa chake anaika anthu 3 apadera oti azikatola nzeru kwa anthu ogwira ntchito ndi manja.

Pali chinthu china m'Nyumba ya Salomon chimene chimandikhudza, ngakhale owerenga ambiri amachidumpha. Akuluakulu ake ankayendera mizinda ya dzikolo pa nthawi zoikika. Ankalengeza zatsopano zothandiza, ndiponso ankachenjeza anthu za miliri, tizilombo toononga mbewu, njala, namondwe, zivomezi ndi kusefukira kwa madzi, nawalangiza chochita. Ife amene tinaona zimene namondwe Freddy anachita m'chigawo cha kummwera mu 2023 sitifunika kuuzidwa mtengo wa chenjezo lofika pa nthawi yake. Maiko a mu Africa analonjezana mu Lagos Plan of Action ya 1980 kuti aliyense azipatula 1 peresenti ya chuma chimene dziko limapanga pa chaka kuti ipite ku sayansi. Lonjezo ndi losavuta kulemba. Pokonza bajeti, msewu umaoneka ndi maso, pamene woyeza mvula ndi wosunga mbewu ntchito yawo imadziwika tsiku limene yasowa.

Ndatsala ndi mfundo imodzi, ndipo ndiyo yovuta kuposa zonse. Anthu a Nyumba ya Salomon ankalumbira kusunga chinsinsi. Ankakhala pansi okha n'kugamula kuti ichi tiulule, ichi tibise, ndipo zina ankabisira ngakhale boma limene linkawadyetsa. Bacon, amene anatumikira mafumu moyo wake wonse, anaona kuti si nzeru iliyonse yoyenera kuperekedwa m'manja mwa wolamula. Amene anapanga bomba la atomiki ku America mu 1945 anakumana ndi funso lomweli, ndipo kumeneko chinsinsi chinali cha boma, akatswiri analibe mphamvu pa chimene manja awo anapanga.

Kodi tsono ndani ayenera kulamula mnzake? Boma likalowerera mpaka kuuza katswiri yankho limene ayenera kupeza, zotsatira zake tinaziona ku Soviet Union. Kumeneko Trofim Lysenko, pokhala wokondedwa ndi Stalin, anachititsa kuti mu 1948 maphunziro a chibadwa cha mbewu ndi nyama aletsedwe, ndipo Nikolai Vavilov, amene anayenda maiko ambiri kusonkhanitsa mbewu, anali atafera kale m'ndende ku Saratov mu 1943. Ulimi wa dzikolo unalipira mtengo wake kwa zaka zambiri. Komanso akatswiri akasiyidwa okha, osayankha kwa wina aliyense, pamene akudya msonkho wa mlimi, tabwerera ku Lagado. Maganizo anga ndi akuti boma, poimira anthu okhoma msonkho, lili ndi ufulu wonse wosankha mafunso: chimanga, malungo, madzi, magetsi. Lili ndi ufulu wofunsa mmene ndalama zayendera, tambala iliyonse. Koma yankho la funsolo si la boma, ndipo katswiri amene wabwera ndi yankho losakoma ayenera kubwerera ku ntchito yake mawa lake mopanda mantha. Pa kubisira anthu zotsatira, pamenepo ndisiyana naye Bacon: anthu 36 osasankhidwa ndi wina aliyense sangakhale oweruza a zimene mtundu wonse uyenera kudziwa.

Ndipo zikuoneka kuti iye mwini sanakhazikike pa chinsinsicho. Pa tsamba lomaliza limene analemba, mkulu uja wa Nyumba ya Salomon anadalitsa mlendoyo, namuloleza kukafalitsa zonse anamvazo kuti zithandize mitundu ina, nampatsanso ndalama za golide pafupifupi 2,000 za iye ndi anzake. Kabukuko kanathera pomwepo, amalinyero aja asanakwere chombo chobwerera kwawo.