Mtengo ndi Muyeso Wace

Mwandipempha kuti ndinene za kaphunzitsidwe ka mitengo ya mankhwala m'masukulu athu a kumidzi.

Coyamba tibvomereze kuti pa phunziro ili ana sadza kwa ife cimanjamanja iai. Mnyamata wa Giredi 5 amene amaweta mbuzi adziwa mitengo ya m'chire kupambana mphunzitsi wace wocokera ku koleji. Adziwa canzi, adziwa mpungabwi umene amace amapitikitsira udzudzu m'nyumba, adziwanso masamba a gwafa amene ambuye ace amaphika m'mimba mukatseguka. Tikangomchulira maina tamtayitsa nthawi. Cimene sukulu ingathe kuonjezera ndico muyeso, ndi kudziwa pamene mphamvu ya tsamba ilekezera.

Ine ndimayamba ndi mbiri ya kombe, pakuti dzina lace ndi la m'cinenero cathu comwe. Dr John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire kuyambira caka ca 1858, anapeza alenje a Cimang'anja akupaka mibvi yao ulembe wa mbeu za kombe. Tsiku lina anatsuka mano ndi mswaci umene unakhala m'thumba limodzi ndi kombeyo. Anamva kuwawa m'kamwa, ndipo pambuyo pace anazindikira kuti mtima wace unayamba kugunda pang'onopang'ono. Thomas Fraser wa ku Edinburgh anasanthula mbeuzo zaka zambiri, ndipo m'caka ca 1885 anadziwitsa madotolo anzace kuti zingathandize odwala mtima. Taonani tsono: mbeu imene inagwetsa nyama zazikulu m'dambo ndi yomweyo imene inalowa m'botolo la m'cipatala. Mtengo sunasinthe. Cinasintha ndi kucuruka kwa cimene cilowa m'thupi. Mwana akagwira mfundo imeneyi wagwira phunziro lonse.

Cifukwa cace ndiyesa kuti kuli bwino kuonetsa ana mitengo yakupha tisanawaonetse yociritsa. Aione nkhadze ya pa mpanda, auzidwe kuti utomoni wace ukagwera m'diso ayenera kutsukamo msanga ndi madzi ambiri ndi kuthamangira ku cipatala. Azione njere za nsatsi, zokongola ngati nyemba, zimene zingaphe mng'ono wao akazitafuna. Amve za mwabvi umene unatha anthu osalakwa masiku a makolo athu, ndi za cinangwa cowawa cimene sicidyedwa cisanabviikidwe. Pa nkhani izi palibe mwana aodzera.

Pambuyo pace turukani nao. Pemphani kwa amfumu, ndipo muitane mkulu mmodzi wa pamudzi, mwamuna kapena mai, kuti atsogolere ulendo. Musamuumirize kuulula zinsinsi zace; cimene afuna kunena ncokwanira, ndipo ana aone mphunzitsi wao akufunsa mwaulemu, pakuti safunsa anadya phula. Mwana ali yense athyole tsamba limodzi, alipanikize m'nyuzipepala pansi pa mabuku, ndipo likauma alimate m'kope, alembe dzina lace m'Cinyanja ndi m'Cinsenga kapena m'Citumbuka monga alichulira kwao, ndi malo amene analipeza. Muwaletse kukumba mizu ndi kusenda khungwa mozungulira thunthu, popeza mtengo wotero umauma.

Za kupanga mankhwala, ine ndisankha zocepa ndi zofatsa, zimene ziri pafupi ndi cakudya. Tiyi wa masamba a canzi, kapena madzi ofunda a mandimu ndi uci, amafewetsa pakhosi pa munthu wa cimfine, koma uci usapatsidwe kwa khanda losakwana caka cimodzi. Ufa wa malambe uli ndi vitamini C wambiri. Coposa zonse ndi madzi a shuga ndi mcere a munthu wotsegula m'mimba, ngakhale mulibe tsamba m'menemo: lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira, masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere, osaunjika pamwamba. Pano ana ayese okha ndi manja osamba, abwereze kufikira atazolowera, ndipo muwauze kuti mcere ukacuruka ubvulaza wodwalayo. Ili ndi phunziro la masamu lomwe. Koma mphunzitsi asasanduke sing'anga wa pasukulu. Kumwetsa mwana wa mwini mankhwala makolo ace osadziwa si nchito yathu.

Tsopano ndifike pa cimene cindilemera mumtima, ndico malungo. Ana adzakufunsani kuti, kodi mankhwala a malungo sacokera ku mitengo? Yankho ndi inde. Kwinini acokera ku khungwa la cinchona wa ku mapiri a Andes, ndipo Pelletier ndi Caventou a ku Paris anampatula m'khungwamo m'caka ca 1820. Mankhwala a artemisinin anapezedwa m'caka ca 1972 ndi Tu Youyou ndi anzace ku China m'citsamba ca Artemisia annua, ndipo maiyu analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Coartem wa m'zipatala zathu ndi mdzukulu wa citsamba cimeneco. Koma mbulu wa Coartem uli ndi muyeso wodziwika, pamene tsamba la m'munda lingakhale ndi mphamvu yambiri kapena yocepa monga mwa nthaka, nyengo ndi kasungidwe kace. Tiyi wace angathe kuziziritsa thupi koma osatha tizirombo tonse m'magazi, ndipo totsalato tingazolowere mankhwalawo. Ndico cifukwa cace bungwe la WHO linanena mu 2019 kuti silibvomereza kuciza malungo ndi tiyi kapena ufa wa Artemisia.

Tonse tidziwa m'mene zimakhalira nyengo ya dzinja. Mwana atentha thupi Lolemba, amfukiza bulugamu Laciwiri, ammwetsa mizu Lacitatu, ndipo njinga imangidwa Lacinai atayamba kukomoka. Makolo ace sanamde. Anacita cimene anadziwa, ndipo cipatala ciri kutari. Koma masiku atatu amenewo ndiwo amapha. Tsono ana athu aloweze pamtima monga aloweza katekisimu: thupi likatentha, magazi akapimidwe tsiku lomwelo, m'diso musathiridwe madzi a tsamba liri lonse, khanda ndi mai wapakati asamwe mizu, wolumidwa ndi njoka asacedwetsedwe ndi mphini. Mwana wa zaka 11 amene angathe kunena mau awa kwa ambuye ace mwaulemu, atagwada, amamveka pamene ife aphunzitsi sitimveka.

Ndipempha, a Wapampando, kuti pa msonkhano wathu wotsatira sukulu iri yonse idze ndi kope limodzi la masamba ouma, kuti tilinganize maina, popeza mtengo umodzi umachulidwa mwina ku Katete ndi mwina ku Lundazi, ndipo dzina limodzi nthawi zina liri la mitengo iwiri yosiyana.